Cuma ca M'thengo ndi ca M'nyanja: Bukulo Asunga Ndani?

M'caka ca 2012 atsogoleri a maiko khumi a mu Africa anakumana ku Gaborone, likulu la Botswana, nagwirizana kuti cuma ca cilengedwe cizilowa m'mabuku a cuma ca dziko. Moçambique inali m'gulu la maikowo, pamodzi ndi Tanzania, Kenya, Namibia, South Africa ndi ena. Mawu a m'cikalata cao ndi okoma. Akuti nkhalango, madzi, nthaka, nsomba ndi miyala ya pansi pa nthaka ziwerengedwe monga momwe boma limawerengera misewu, nyumba ndi ndalama za ku banki, kuti okonza mapulani a citukuko adziwe cimene cikutha ndi cimene cikuwonjezeka. Pa Cipwitikizi nchitoyi amati contabilidade do capital natural. Ife tingoti kuwerengera cuma ca cilengedwe.

Ambiri a ife, kuyambira kumtunda kuno ku Maniamba kutsikira ku Metangula, Messumba mpaka ku Cobue, cikalataci sitinacionepo. Koma zimene cimakamba ndi zathu: mapiri amene timatolako nkhuni, madambo amene timadzalamo mpunga, ndi nyanja imene imatidyetsa. N'cifukwa cake ndaganiza zoiyesa nzeru imeneyi pamaso panu, abale anga, monga timayesera nsalu tisanagule. Ndinene poyera maganizo anga: kuwerengera n'kwabwino, ndipo ndikufuna kucitike. Koma buku lolembedwa kutali, m'ndalama zokhazokha, losungidwa kumene mwini mudzi sangaliwerenge, lingathe kutilanda zinthu zomwezo zimene likuti likuteteza.

Cimene nzeruyi ikufuna kukonza

Boma lililonse limayeza cuma cake caka ndi caka ndi muyeso umene kuno timaumva kuti PIB, ndipo pa wailesi za ku Malawi amati GDP. Muyesowu umaphatikiza mtengo wa zonse zimene dziko lapanga m'caka cimodzi. Kuno kwathu amene amagwira nchitoyi ndi a Instituto Nacional de Estatística. Vuto la muyesowu n'lakuti umaona zotuluka m'nkhokwe, suona zotsalamo. Mlombwa uli ciimire m'phiri sulembedwa paliponse. Ukagwetsedwa, n'kucekedwa matabwa, n'kukwezedwa pa lole, pamenepo PIB yakwera. Asodzi akakokolola usipa wonse ndi tiana tomwe, PIB ikwera caka cimeneco, ndipo palibe mzere wosonyeza kuti caka camawa ukonde udzatuluka wopanda kanthu. Munthu amene wagulitsa mbuzi zonse za m'khola, ndi zabere zomwe, amakhala ndi ndalama m'thumba sabata imeneyo, koma palibe mnansi amene anganene kuti walemera.

Pofuna kukonza cilema cimeneci, bungwe la United Nations linavomereza m'caka ca 2012 ndondomeko yochedwa SEEA, ndipo mu 2021 linawonjezera gawo lowerengera nkhalango, dambo kapena nyanja monga cinthu cathunthu camoyo. Nchitoyi ili ndi magawo awiri. Coyamba, cinthu ciliconse cimawerengedwa ndi muyeso wake: nkhalango m'mahekitala, nsomba m'matani, madzi m'malita. Amalemba zimene zinalipo kumayambiriro a caka, zimene zawonjezeka, zimene zacotsedwa, ndi zimene zatsala. Caciwiri, amayesa kuika mtengo wa ndalama pa zinthuzo. Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inayambitsa mu 2010 nchito yochedwa WAVES yothandiza maiko kucita zimenezi. Botswana, dziko louma, inayamba ndi mabuku a madzi. Zambia inalemba a nkhalango, madzi ndi nthaka.

Manambala amene atuluka m'mawerengero otere ndi oopsa. Katswiri wa za cuma wa ku Cambridge, Partha Dasgupta, m'lipoti lake la 2021 analemba kuti pakati pa 1992 ndi 2014 cuma copangidwa ndi manja, monga makina ndi nyumba, cinawirikiza kawiri pa munthu aliyense padziko lapansi, pamene cuma ca cilengedwe cinatsika ndi pafupifupi magawo 40 pa 100 alionse. Kutsidya kwa nyanja, kafukufuku wa 2011 anapeza kuti Malawi imataya caka ciliconse cuma cofanana ndi magawo 5.3 pa 100 a GDP yake cifukwa ca kukokoloka kwa nthaka, kutha kwa mitengo, kucepa kwa nsomba ndi zina zotero. Munthu womva manambala awa sanganene kuti kuwerengera n'kutaya nthawi.

Cimene Maniamba imatiphunzitsa

Ife sitifunika kupita kutali kuti tione mtengo wa kusawerengedwa. Ca m'ma 2005 kampani ya Chikweti Forests of Niassa inayamba kudzala paini ndi bulugamu m'maboma a Lago, Sanga ndi Lichinga. Ndalama zake zinacokera ku thumba lochedwa Global Solidarity Forest Fund, limene linayambitsidwa ndi machalichi a ku Sweden ndi ku Norway, ndipo pambuyo pake munalowanso ndalama za penshoni za ku Netherlands. Dayosizi ya Niassa ya Anglican inali ndi kagawo kake. Colinga cimene cinalengezedwa cinali cabwino: kudzala mitengo pa malo oguga, kupatsa anthu nchito, ndi kupindulitsa oika ndalama. Anthu ena analembedwadi nchito, ndipo kwa nthawi ndithu malipiro anafika m'midzi imene ndalama inali yosowa.

Koma mu 2010 a Unduna wa Zaulimi, kudzera ku nthambi yoona za malo ndi nkhalango, anafufuza napeza kuti kampaniyo inalowa m'mahekitala 32,000 popanda cilolezo. Maniamba inachulidwa m'kafukufukuyo monga dera limene minda ya anthu inalowedwa, ndipo cipukutamisozi cimene cinalonjezedwa sicinaperekedwe. Anapezanso kuti m'madera ena munagwetsedwa nkhalango yacilengedwe, ndi misuku yomwe, kuti papezeke malo a mitengo yacilendo. Mu 2011 alimi a ku Licole, m'boma la Sanga, anazula ndi kudula mitengo ya paini pafupifupi 60,000. Mabungwe a UNAC ndi Justiça Ambiental analemba za nkhaniyi caka comweco, ndipo a FIAN anatulutsa lipoti lao mu 2012. Mu 2014 minda ya mitengoyo inapita m'manja mwa kampani ya ku Norway ya Green Resources.

Funso limene limandikhudza n'lakuti zinatheka bwanji kuti anthu ophunzira, ena a iwo atumiki a Mulungu, aone malo athu ngati opanda nchito. Yankho lake n'lakuti m'mabuku amene iwo ankawerenga munalibe mzere wa zimene thengo limatipatsa. Munalibe masuku, bowa, uci, mphalabungu, udzu wofolera, nsungwi, luzi, mitengo ya denga, mankhwala a zitsamba, ngakhale nkhuni. Munalibe tsala, munda umene taupumitsa kuti nthaka ibwerere mwakale. Kwa munthu woyang'ana pa mapu kapena pa cithunzi cojambulidwa kumwamba, tsala ndi chire wamba. Kwa mwini wake ndi nsima ya zaka zikubwerazi. Pamenepa ndigwirizana ndi onse amene akuti tiwerengere. Cinthu cosalembedwa cimaoneka ngati cilibe mwini.

Komabe ndikadzifunsa ngati buku la cuma ca cilengedwe, lolembedwa monga akufunira akatswiri, likanapulumutsa misuku ija, sindipeza citsimikizo. Zifukwa zanga ndi zinayi.

Coyamba: ndalama imapeputsa ca mmphawi

Lamulo la mawerengero amenewa n'lakuti cinthu cipatsidwe mtengo umene cimagulidwa pa msika, kapena mtengo wofanana nao. Ndiye tiyeni tiyese. Dengu la masuku lili ndi mtengo umene mayi amaulandira m'mbali mwa msewu wa Lichinga ndi Metangula, ndipo mtengowo ndi wocepa cifukwa ogulawo naonso ndi osauka. Matabwa a paini ali ndi mtengo wa m'mizinda ndi wa kunja, kumene ogula ali ndi madola. Wolemba buku akaika hekitala ya misuku mbali iyi ndi hekitala ya paini mbali inayo, n'kosavuta kuti paini apambane. Pamenepo bukulo, m'malo moteteza thengo, lapereka umboni wakuti kuligwetsa n'kupindula.

Msika ulinso ndi khungu lina. Masuku amapsa pamene nkhokwe zayamba kupepuka, ndipo bowa amamera m'dzinja, cimanga cisanakhwime. Nthawi imeneyo ndi pamene zinthuzi zimaculuka, motero mtengo wake pa msika umatsikiratu. Koma ndi nthawi yomweyo pamene zimagwira moyo wa ana. Mtengo wa pa msika umatsika pa tsiku lomwe phindu lenileni lakwera. Palibe katswiri amene angakonze zimenezi ndi samu yokha popanda kukhala pansi ndi amayi amene amadziwa mwezi umene ndiwo zimasowa.

Tisamalenso ndi liwu lakuti nkhalango. Bungwe la FAO likamawerenga nkhalango za dziko limaphatikizamo minda ya mitengo yodzala. Conco dera limene miombo yagwetsedwa n'kudzalapo paini lingathe kuoneka pa pepala ngati silinataye kanthu. Ndondomeko ya 2021 ija inayesa kukonza zimenezi, pakuti imasiyanitsa mitundu ya malo ndi kufunsa ngati malowo ali ndi thanzi. Ndikuyamikira zimenezo. Koma nambala imene imafika m'kamwa mwa nduna ndi pa wailesi ndi imodzi, ya mahekitala kapena ya madola, ndipo mizere yofotokoza imatsalira m'masamba a kumapeto. Aliyense wa ife amene analowapo m'munda wa bulugamu amadziwa kuti mulibe bowa amene timadya, mulibe masuku, ndipo mbuzi sizipezamo msipu.

Caciwiri: ciwerengero ca dziko lonse cimabisa wolira

Mabuku amenewa amalembedwa pa dzina la dziko. Amaphatikiza zonse kucokera ku Rovuma mpaka ku Maputo n'kunena kuti cuma cakwera kapena catsika. M'maganizo a akatswiri ambiri, dziko silinasauke ngati lagulitsa cuma ca m'nthaka n'kumangira ndalamazo sukulu, misewu ndi zipatala. Pa pepala n'zomveka. Koma sukuluyo ikamangidwa kumwera, ndipo dzenje latsala kuno, bukulo lidzati zonse zili bwino. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Buku la dziko lonse silidziwa amene wamva m'mimba.

Nkhaniyi si yongoganizira. Akatswiri a miyala amadziwa kalekale kuti pansi pa dera la Maniamba pali malasha, ndipo kumpoto kwa boma lathu, ku Lupilichi, anthu akhala akukumba golide kwa zaka zambiri. Tsiku limene wina adzabwere ndi makina akuluakulu, adzabwera ndi manambala osonyeza phindu la dziko. Ngati ife tidzakhale opanda manambala a mudzi, osonyeza zitsime, madimba ndi mitsinje imene idzaonongeke, tidzangotsala ndi mawu a pakamwa, ndipo pa msonkhano wotere mawu a pakamwa amagonja kwa pepala.

Ngakhale m'mudzi momwemo kulira sikufanana. Thengo likatha, amene amapeza nchito yolipidwa kawirikawiri ndi abambo ndi anyamata, ndipo nchitoyo imaculuka nthawi yodzala mbande, kenako n'kucepa. Amene amawonjezera mtunda wokatola nkhuni ndi amayi ndi atsikana. Maola amenewo salowa m'buku lililonse. Buku loona liyenera kukhala ndi mzere wonena kuti wapindula ndani, wataya ndani, ndipo kwa zaka zingati.

Lamulo lathu linayesa kuyankha funsoli. Kucokera pa lamulo la nkhalango ndi nyama la 1999, ndi cikalata ca unduna nambala 93 ca 2005, midzi iyenera kulandira magawo 20 pa 100 a msonkho umene boma limatolera kwa odula mitengo ndi osaka nyama m'dera lao. Kuti ndalamazo zifike, mudzi uyenera kukhala ndi komiti ndi akaunti ku banki. Ndi lamulo labwino, koma tione bwino: ndi magawo 20 a msonkho, osati a mtengo wa matabwawo. Ndipo mudzi umene sudziwa kuti m'phiri mwake mwatuluka mitengo ingati sungadziwe ngati zimene walandira ndi zokwana. Gawo la cinthu cimene sunaciwerenge ndi mphatso cabe, imene woperekayo angaicepetse mmene afunira.

Cacitatu: mtengo umaitana wogula

Oteteza nzeruyi amati kuika mtengo pa cinthu sikutanthauza kucigulitsa. Ndi zoona m'kalasi. Koma pa msika tonse timadziwa kuti mbuzi ikangochulidwa mtengo, kukambirana kwayamba. Citsanzo cili pafupi. Mu 2021 Moçambique inakhala dziko loyamba kulandira malipiro kucokera ku thumba la nkhalango la Banki Yaikulu ya Dziko Lonse cifukwa cocepetsa kudula mitengo. Inalandira madola 6.4 miliyoni pa matani 1.28 miliyoni a mpweya wa kaboni umene sunatuluke m'maboma asanu ndi anayi a ku Zambézia. Mukagawa, mupeza madola 5 pa tani imodzi. Caka comweco, pa msika wa kaboni wa ku Ulaya, mafakitale ankalipira kuposa mayuro 50 pa tani imodzi yomweyo.

Sindikunena kuti ndalamazo zikanidwe. Pali ndondomeko yakuti gawo lina lipite kumidzi, ndipo ngati lifikadi, ndi bwino. Koma tione amene anaika mtengo ndi amene ayenera kusintha moyo wake. Utsi umene ukutenthetsa dziko unacokera makamaka m'mafakitale a maiko olemera. Mtengo wa madola 5 unakambidwa m'maofesi. Amene auzidwa kuti asatsegule munda watsopano, asaoche makala, asatenthe chire, ndi mlimi wa khasu. Thengo lake likangolembedwa m'buku monga nkhokwe ya kaboni, limakhala ndi mwini wina wosaoneka amene ali ndi cifukwa comuletsa kulowamo. Kale ankatilanda malo ponena kuti alibe phindu. Mawa angathe kutichingira malo omwewo ponena kuti ali ndi phindu lalikulu kwambiri.

Palinso zinthu zimene ndikukana kuti ziikidwe mtengo. Manda ali m'nkhalango zimene palibe amadulamo ngakhale mtengo umodzi. Nkhalango zimenezo zakhalapo popanda mlonda ndi popanda malipiro, cifukwa aliyense amadziwa amene agona mmenemo. Tsiku limene wina adzalembe kuti manda a mudzi wakuti ndi ofanana ndi metikali zakutizakuti, adzakhala wauza wogula kuti akabweretsa ndalama zoposa pamenepo, angathe kufukula. Malo otere alembedwe m'buku ndi dzina lake ndi malire ake, koma mzere wa mtengo ukhale wopanda kanthu, ndipo pambali pake palembedwe kuti sagulitsa.

Cacinayi: nsomba sidziwa malire

Buku la dziko limathera pa malire a dziko. Nyanja yathu ili pakati pa maiko atatu: Moçambique, Malawi ndi Tanzania. Zilumba za Likoma ndi Chizumulu ndi za Malawi, koma zazunguliridwa ndi madzi a Moçambique. Anthu a ku Likoma akhala akudalira nkhuni za kumtunda kwathu, ndipo ife takhala tikuwoloka kupita kwao kukafuna cipatala, msika ndi acibale. Usipa ndi utaka zimayenda kutsata cakudya ndi mphepo, kaya mwera kaya mpoto, osafunsa ciphaso. Ngati cilimila ca mbali imodzi catha nsomba, buku la mbali inayo lidzaonetsa kucepa popanda kuchula cifukwa.

Ndipo cimene cimacitika kumtunda cimafika m'nyanja. Mitengo ikatha m'mapiri a kuno, mvula imatenga dothi n'kulitsitsa m'mitsinje monga Lunho. Matope amakwirira miyala imene mbuna zimadyapo ndere, ndi kuononga mitsinje imene mpasa zimakwera kukaswana. Nyanja ino ili ndi mitundu ya nsomba yoculuka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mcere padziko lapansi, ndipo yambiri siipezeka kwina. Madzi ake amatuluka ndi Shire, amazunguza makina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kenako n'kulowa mu Zambezi m'dziko lathu lomwe. Mlimi wa ku Maniamba amene wasiya mitengo m'mbali mwa mtsinje akuthandiza msodzi wa ku Likoma ndi munthu woyatsa getsi ku Blantyre. Palibe buku la dziko limodzi limene lingaone ulusi wonsewo.

Mu 2011 boma linalengeza mbali yathu ya nyanja kukhala malo otetezedwa, ndipo caka comweco inalowa m'ndandanda wa Ramsar wa madambo ndi nyanja zofunika padziko lonse. Ndi ulemu waukulu. Koma dzina pa ndandanda silibweza nsomba. Anzathu a kumwera kwa nyanja, ku Mangochi ndi ku Malombe, anaona cambo cikutha pamaso pao m'zaka za m'ma 1990, ngakhale boma lao linali ndi akatswiri olemba manambala a nsomba caka ndi caka. Manambala analipo. Cimene cinasowa ndi mphamvu yoti manambalawo aletse ukonde.

Kuwerengera kumene kuli ndi mano

Pano ndifuna kuchula citsanzo ca kutsidya cimene cimandipatsa mtima. Pa cilumba ca Mbenji, m'boma la Salima, mfumu Makanjira ndi akuluakulu ake akhala akutseka usodzi nyengo ya dzinja caka ciliconse kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Nyengo ikafika, asodzi onse amacoka pa cilumba. Maukonde oononga ndi oletsedwa, ndipo wolakwa amaweruzidwa. Mpaka lero asodzi amacokera kutali kupita ku Mbenji cifukwa utaka ulipobe. Anthu a kumeneko sanayambe ndi kuika mtengo wa madola pa nsomba. Anayamba ndi kuona kuti nsomba zimaswana liti, nagwirizana lamulo, ndipo amene amaona ndi amene amalamula anali anthu amodzi, okhala pamalo pomwepo.

Apa ndi pamene pagona kusiyana. Kuwerengera kwa Gaborone kumaika maso m'manja mwa akatswiri, cigamulo m'manja mwa nduna, ndi zowawa pa msana pa mlimi. Ku Mbenji zitatuzi zili pamodzi. Ifenso nzeru imeneyi tili nayo. Msodzi wacikulire amadziwa kuti kale ankapalasa mtunda wotani kuti apeze kampango, ndipo lero akupalasa wotani. Agogo amadziwa citsime cimene cinkauma mu Okutobala ndipo tsopano cikuuma mu Ogasiti. Awa ndi mawerengero enieni a zimene zinalipo, zimene zacoka ndi zimene zatsala. Cosowa cake n'cakuti amakhala m'mutu, ndipo amapita kumanda pamodzi ndi eni ake.

Zimene ndikupempha

Pempho langa loyamba likupita kwa ife tomwe. Mudzi uliwonse ukhale ndi kope lake. Ana athu a ku sekondale angathe kulemba, akuluakulu n'kumawauza. Mulembedwe maina a mitsinje, zitsime, madambo, masala, nkhalango za misuku, malo a bowa, mitengo ya ming'oma ya njuci ndi manda. Mulembedwe kuti ndi mabanja angati amadya za pamalo alionse, ndi miyezi iti. Muyeso ukhale wathu: madengu, mitolo, zitini, miyezi ya cakudya. Za ndalama zibwere pambuyo, ngati zifunika. Kumadoko, makomiti a asodzi amene timawachula kuti CCP alembe mabwato, mitundu ya maukonde, ndi zitini za usipa zimene zatuluka mwezi uliwonse. Pakatha zaka zisanu kope lotere lidzayankhula zimene palibe mlendo angazitsutse.

Laciwiri ndi la malire. Lamulo la malo, nambala 19 la 1997, limati malo ndi a boma ndipo sagulitsidwa, koma limavomereza ufulu wa mudzi pa malo amene umakhalapo monga mwa mwambo, ngakhale popanda pepala, ndipo umboni wa pakamwa wa anthu a m'mudzi ndi wololedwa. Masala, msipu, nkhalango ndi malo a mwambo zili mkati mwa ufuluwo. Lamuloli limalolanso mudzi kupempha kuti malire ake ayendedwe ndi kulembedwa. Midzi imene sinacite zimenezi icite msanga, alendo asanafike. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno.

Lacitatu ndi la pa msonkhano. Lamulo limati kampani isanapatsidwe malo, mudzi ufunsidwe. Nkhani ya Chikweti inaonetsa kuti msonkhano wotere ungathe kukhala mwambo cabe, wothera pa siginecha ya anthu owerengeka. Tikaitanidwanso, tipite ndi kope lathu, amayi akhale kutsogolo, ndipo tifunse mafunso awa: mwawerenga ciyani pa malo ano, ndani anakuuzani, zimene tidzataye mwaziika pa mzere uti, nchito zimene mukulonjeza ndi za miyezi ingati pa caka, ndipo pepala la zimene tagwirizana litsala ndi yani. Ngati sangathe kuyankha tsiku limenelo, msonkhano uimitsidwe. Palibe lamulo limene limatikakamiza kuvomera dzuwa lisanalowe.

Lacinayi likupita kwa a boma ndi akatswiri. Mukamalemba buku la cuma ca cilengedwe ca dziko lino, ligaweni mpaka pa boma ndi pa posto, kuti munthu wa ku Lago aone tsamba lake. Limasulireni m'Cinyanja ndi m'Ciyao, ndipo liwerengedwe pa wailesi ya m'dera. Musaphatikize miombo ndi paini pa mzere umodzi. Khalani pansi ndi anzanu a ku Malawi ndi ku Tanzania kuti nyanja ikhale ndi buku limodzi. Ndipo nenani pasadakhale kuti nambala ikatsika kufika pakutipakuti, cilolezo ca ndani cidzaimitsidwa, pakuti buku limene silingaletse kanthu ndi lokongoletsera shelefu.

Sindikuopa manambala, ndipo sindikufuna kuti inu muwaope. Amene anabwera kudzadzala paini anali ndi manambala ao, ndipo ife tinalibe athu olembedwa. Amene adzabwere mawa, kaya kudzafuna malasha, kaya kaboni, kaya gombe lomangapo nyumba za alendo, adzabwera ndi manambala okongola kuposa aja, ena a iwo olembedwa m'dzina la kuteteza cilengedwe. Tiwalandire mwaulemu monga mwa mwambo wathu, tiwapatse mpando, timve zao. Kenako mfumu itsegule kope la mudzi, ndipo mabuku awiriwo awerengedwe pamodzi pamaso pa anthu onse.